Mpeni wa karambit: ndalama ili pa loko ndi chitsulo, osati pa utoto

Dzuwa lisanayambe kuwotcha, mpeni umakhala utagwira kale ntchito zambiri kwa Mponda. Padoko asodzi amadula zingwe ndi kukonza maukonde omwe ang'ambika usiku. Amayi a geni ya nsomba amatumbula chambo ndi kung'amba kampango ndi milamba yoti awambe. Mumsika wa pa boma la Mangochi a butchala amasenda mbuzi, pomwe m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay oluka mikeka, madengu ndi zipewa amang'amba mlaza. Aliyense wa anthuwa ali ndi mpeni wake, kapena chipula monga amanenera Ayao, ndipo aliyense amadziwa zomwe mpeni wobuntha umadya: nthawi, katundu, ndipo nthawi zina chala.

Pakati pa mipeni yozolowerekayi pakulowa mlendo. Ndi kampeni kopinda, kokhota ngati chikhadabo cha mphamba, kokhala ndi mphete yolowetsamo chala kumapeto kwa chigwiriro. Dzina lake ndi karambit. Achinyamata amauona m'mafilimu ndi m'masewera a pa foni, ogulitsa katundu pa WhatsApp ndi pa Facebook amaika zithunzi zake zowala ngati utawaleza, ndipo obwera kuchokera ku Joni amatha kuuponya m'chikwama ngati mphatso. Funso la wogula ndi lakuti: wabwino ndi uti?

Yankho lake ndi losasangalatsa kwa amene wakopeka kale ndi chithunzi. Mpeniwu ndi chida cha ntchito imodzi, yodula mokoka, ndipo ubwino wake umagona pa zinthu zomwe chithunzi sichionetsa: loko, mtundu wa chitsulo, bawuti wa pakati, komanso ngati mwini wake angathe kuunola. Amene ntchito yake si yodula mokoka ndalama yake ikagwira bwino pa mpeni wina.

Udachokera kumunda

Karambit idachokera kwa anthu a mtundu wa Minangkabau ku West Sumatra m'dziko la Indonesia. Nthano za kumeneko zimati osula zitsulo adatengera chikhadabo cha nyalugwe wa kwawo. Poyamba chidali chida cha mlimi, chodulira mizu ndi kugwirira ntchito m'munda wa mpunga. Mphete ija idali yoti mpeni usapulumuke dzanja likanyowa kapena likachita matope. Pambuyo pake mpeniwu udalowa m'luso la nkhondo lotchedwa pencak silat n'kufalikira ku Malaysia ndi ku Philippines.

Wa makolowo sudali wopinda. Wopinda ndi wa masiku ano, ndipo mmodzi mwa omwe adautchukitsa ndi Ernest Emerson wa ku America, yemwe kampani yake idaika kambedza pamsana pa mpeni kuti uzitseguka wokha poutulutsa m'thumba. Kampani ya Fox ya ku Maniago m'dziko la Italy imapanganso yotere. Kutchuka kwake kwa achinyamata kudakula pomwe mpeniwu udalowa m'masewera a Counter-Strike mu 2013 komanso mufilimu ya ku Indonesia ya The Raid 2 ya mu 2014.

Mbiriyi ili ndi phunziro la malonda. Chinthu chikatchuka chifukwa cha filimu, mafakitale amathamangira kupanga chofanana nacho maonekedwe, osati chofanana nacho ntchito. Ambiri mwa ma karambit otchipa omwe amadzaza pa intaneti adapangidwira wosunga pashelefu kapena wozunguza pachala pojambulitsa, osati msodzi wa ku Malombe amene akufuna kudula chingwe cha nayiloni chonyowa pakati pa usiku.

Ntchito yomwe umatha ndi yomwe suyitha

Mpeni wokhotera m'kati umakola chinthu n'kuchikokera pakati pa mbali yakuthwa, monga momwe chisikilo chimachitira ndi mpunga. Chingwe sichithawa. N'chifukwa chake umachita bwino podula zingwe za bwato, ulusi wa ukonde, mlaza, luzi, malamba omangira mabelo a kaunjika, mapaipi ofewa a pulasitiki, ndi potsegula matumba a chimanga kapena a feteleza. Mlimi wa zipatso angadulire nawo timphukira ta mango ndi kuchotsa nthochi pamkoko.

Koma kukhota komweko ndi kumene kumaulepheretsa ntchito zina. Mbali yakuthwa siigunda pathabwa, kotero kudula anyezi, tomato kapena nyama pathebulo n'kuvutika chabe. Imagunda ndi nsonga yokha, ndipo nsongayo imabuntha kapena kuthyoka. Potumbula chambo nsonga yokhota imalowa kwambiri n'kuboola ndulu, ndipo nsomba yowawa ndulu kasitomala saigulanso kachiwiri. Pong'amba kampango woti awambidwe pamafunika mpeni wautali wowongoka wotsata msana wa nsomba. Posenda mbuzi, nsonga yotere imaboola chikopa chomwe chikadagulitsidwa. Pozinga chiweto ndiye n'zosayenera n'komwe: pamenepo pamafunika mpeni wautali, wowongoka, wakuthwa kwambiri woti udule kamodzi.

Choncho funso loyamba si la mtengo. Wogula awerenge ntchito zisanu zomwe amagwira ndi mpeni pa tsiku. Ngati zitatu mwa izo ndi zingwe, ulusi, mlaza kapena matumba, karambit ili ndi malo m'thumba mwake. Ngati zambiri ndi nsomba, nyama ndi ndiwo, aisiye.

Loko ndiye mwini nkhani

Pa mpeni uliwonse wopinda, zala zimakhala panjira pomwe chitsulo chimadzera potseka. Chomwe chimaima pakati pa chitsulo ndi zalazo ndi loko basi. Pa karambit ngoziyi ndi yokulirapo, chifukwa chala chimodzi chimakhala m'mphete ndipo dzanja silingathawe msanga mpeni ukapindika mwadzidzidzi. Podula mokoka mphamvu imakankhira chitsulo kotseguka, koma nsonga ikakodwa mu ukonde munthu n'kupotoza dzanja, kapena msana wa mpeni ukagunda thabwa la bwato, mphamvu imatembenuka.

Ambiri mwa mipeniyi ali ndi loko wa kachitsulo kopyapyala ka m'kati mwa chigwiriro, komwe kamadumphira kuseri kwa chitsulo chodulira mpeni ukatseguka. Wogula atsegule mpeni n'kuyang'ana pomwe kachitsuloko kaima. Kakangokhudza m'mphepete, katerereka tsiku loyamba. Kakadutsa mpaka kukagunda mbali inayo mpeni udakali watsopano, ndiye kuti kalibenso malo oti kadye pamene zitsulo zikuperepeseka, ndipo posachedwa mpeni uyamba kugwedera. Malo abwino ndi kuchokera pa gawo limodzi mwa magawo atatu kufika pakati. Kachitsulo kopyapyala ngati chitini cha nsomba, kopindika ndi chikhadabo, si loko ayi.

Kenako mpeni uyesedwe. Munthu agwire chigwiriro m'mbali ndi nsonga za zala, zala zonse zili kunja kwa njira ya chitsulo, n'kukanikiza msana wa mpeni pathabwa la benchi mwamphamvu pang'ono. Loko wabwino sasuntha. Woipa amamveka kuti tswi, kapena amamasuka. Wogulitsa amene akukana kuti mpeni wake uyesedwe motere wayankha kale funso.

Palinso loko wa pamsana, yemwe amamasulidwa pokanikiza kachitsulo kumbuyo kwa chigwiriro. Ameneyu amachedwa kutseka ndipo amafuna manja awiri, koma pa mipeni ya mtengo wotsika nthawi zambiri ndi wodalirika kuposa wa m'kati uja, malinga ngati mchenga ndi ulusi sizidadzaze pomwe amakolera. Mpeni wa sipuling'i wothamanga potseguka umasangalatsa poonetsa anzako, koma sipuling'i ndi chinthu chimodzi chowonjezera choti chithyoke.

Zilembo za pachitsulo

Chitsulo chimatchedwa chosachita dzimbiri chikakhala ndi chromium yosachepera 10.5 peresenti. Koma mawu akuti stainless steel okha sanena ngati mpeni usunga kuthwa. Supuni nayonso ndi stainless. Kuthwa kumadalira kuchuluka kwa kaboni m'chitsulo komanso momwe chidawotchedwera ndi kuziziritsidwa kufakitale.

Zilembo zomwe zimalembedwa pafupi ndi chigwiriro zimathandiza. 3Cr13 ili ndi kaboni pafupifupi 0.3 peresenti ndi chromium 13 peresenti: siichita dzimbiri msanga, siivuta kunola, koma ndi yofewa, ndipo pa chingwe cha nayiloni imabuntha tsiku lomwelo. 8Cr13MoV ili ndi kaboni pafupifupi 0.8 peresenti, ndipo ndi poyambira pabwino kwa munthu wa ndalama zochepa. AUS-8 ya ku Japan ndi mnzake. 440C ili ndi kaboni pafupifupi 1 peresenti ndi chromium yapakati pa 16 ndi 18 peresenti, kotero imapirira chinyezi ndipo imasunga kuthwa. Mpeni wongolembedwa 440 popanda chilembo kutsogolo kwake nthawi zambiri umakhala wa gulu lotsika la banjali. D2 ndi yolimba kwambiri, ya kaboni pafupifupi 1.5 peresenti ndi chromium 12 peresenti, koma imachita madontho a dzimbiri ikasiyidwa yonyowa ndipo pamwala wamba imatopetsa kunola.

Kwa munthu wa kunyanja, kulimba kopambana si ndiko kofunika. Madzi a Nyanja ya Malawi ndi a Shire alibe mchere, koma magazi a nsomba, thukuta, mchere wothira pansomba zoyanika ndi chinyezi cha m'bwato zimadya chitsulo. Chitsulo cha pakatikati, chopirira dzimbiri ndi chonoleka ndi zida zopezeka pakhomo, chimaposa chitsulo chodula chofuna mwala wa dayamondi. Makampani oona mtima amalembanso kulimba kwa chitsulo ndi zilembo za HRC. Pa mpeni wa ntchito, manambala a pakati pa 56 ndi 60 ndiwo oyenera.

Komatu chilembo chimalembedwa ndi makina, ndipo makina sakana bodza. Umboni weniweni ndi chingwe. Wogula apite kumsika ndi kachidutswa ka chingwe chakale ndi pepala. Adule pepala, adule chingwe kakhumi, abwererenso papepala. Mpeni ukayamba kung'amba pepala m'malo molidula, chitsulocho n'chofewa kaya palembedwa chiyani. Kuyesa kuthwa ndi chala chachikulu ndi chizolowezi chomwe chimangopindulira ogulitsa mabandeji.

Utoto wa utawaleza, wagolide kapena wakuda sunena kanthu za chitsulo chomwe chili pansi pake. Nthawi zambiri umabisa mizere ya makina ndi ntchito yothamanga. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pakati pa mipeni iwiri ya mtengo umodzi, wopanda utoto ndiwo umakhala kuti ndalama yake yambiri idapita kuchitsulo.

Bawuti, chigwiriro ndi mphete

Chitsulo chodulira chimazungulira pa bawuti mmodzi. Mpeni uli chotsegula, wogula agwire msana wake n'kuugwedeza cham'mbali, kenako chokweza ndi chotsitsa. Kugwedera pang'ono cham'mbali kumatha pomanga bawuti, ngati bawutiyo ndi womangika. Kugwedera chokweza ndi chotsitsa ndi matenda a loko, ndipo sachira. Mpeni womangidwa ndi misomali yophwanyidwa mitu sungamasulidwe kuti utsukidwe. Wa mabawuti ungathe, ngakhale ambiri amafuna sikuludiraiva ya mutu wa nyenyezi, yomwe okonza mafoni amakhala nayo.

Mipeni ina imazungulira pa timipira tachitsulo ngati ta habu ya njinga. Imatseguka mofewa m'sitolo, koma mchenga wa padoko ukalowa imayamba kukukuta. Yozungulira pa mawashala osalala imapirira fumbi ndi mchenga, ndipo kutsuka kwake n'kosavuta.

Mpeni ukatsekedwa, chitsulo chikhale pakati, chisakhule mbali imodzi. Chofunika kwambiri, nsonga ibisike yonse m'chigwiriro. Pa ma karambit otchipa nsonga yokhota imatsalira kunja pang'ono, ndipo imadikira dzanja lomwe likulowa m'thumba kukatenga chenje. Wogula ayendetse kansalu pamwamba pa mpeni wotseka, kakakodwa, ausiye. Augwedezenso uli chotseka: wotseguka wokha ndi woopsa m'thumba la munthu wopalasa kabaza. Wakuthwa mbali zonse ziwiri ndi wosayenera pa mpeni wopinda, chifukwa mbali yakunja imakhala poyera ngakhale utatsekedwa.

Chigwiriro cha chitsulo chosalala kapena cha aluminiyamu yopakidwa utoto chimaterera m'manja mwa munthu amene wagwira nsomba. Chabwino ndi chokhakhala, monga chomwe amachitcha G10 kapena nayiloni yolimba yokhala ndi timizere. Wogula anyowetse dzanja n'kugwira.

Mphete iyesedwe ndi chala cha mwini wake. Ikhale yotakasuka kuti chala chilowe ndi kutuluka mosavuta, ndipo m'mphepete mwake mukhale mosalala. Ikhale mbali ya chitsulo cha m'kati mwa chigwiriro, osati pulasitiki yomatidwa. Apa pali chenjezo lomwe ogulitsa satchula. Mphete imateteza mpeni kuti usagwere m'madzi, koma imamangiriranso chala kumpeni. Chitsulo chikakodwa pa chingwe chomwe boti la injini likukoka, kapena pa ukonde wolemera womwe ukubwerera m'madzi, chala chimapita nawo. Pa chingwe chokungika, msodzi wanzeru amagwira mpeni chala chili kunja kwa mphete. Mpeni womira umagulidwa wina.

Adzanola ndani?

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mwala wonolera wa pakhomo ndi wafulati, ndipo mbali yakuthwa ya karambit ndi yolowa m'kati. Pamwala wotere pamagunda nsonga ndi tsinde lokha, pakati pomwe pamadula osakhudzidwa. Mwezi ukatha mwini wake amakhala ndi mbedza yokongola yosadula kanthu.

Mpeni wokhota umanoledwa ndi chinthu chozungulira: kandodo konolera, tupa yozungulira ya mano aang'ono, kapena sandipepa wosalala wokulungidwa pa kamtengo kowongoka. Mkombero wa pansi pa kapu yadothi, pomwe sipadapakidwe zonyezimira, umathandiza pomalizitsa. Kupita nawo kwa onola ndi makina a galayindala n'kuupha: gudumu limadya chitsulo chambiri, ndipo m'mphepete mukasanduka mobiriwira ndiye kuti mwapsa, kulimba kwatha. Wa mano ngati sowo umadula chingwe msanga ukadali watsopano, koma kunola dzino lililonse palokha ndi ntchito yomwe ochepa amaipirira.

Mtengo wa chonolera uwerengedwe limodzi ndi mtengo wa mpeni. Kusamala kwina n'kosavuta: kutsuka ndi madzi oyera madzulo, kuumitsa uli chotsegula, ndi kudonthezera mafuta a makina osokera pa bawuti. Ngati mpeniwo umakhudzanso chakudya, chitsulo chodulira chipukutidwe ndi mafuta ophikira pang'ono, osati oyilo wa injini.

Dzina lalikulu pa mtengo waung'ono

Karambit yeniyeni ya Emerson kapena ya Fox imagulidwa pa mtengo woposa madola 100 a ku America kumene imapangidwa, isanalipiridwe ulendo ndi msonkho. Munthu akaipeza ili ndi dzina lomwelo pa mtengo wa ndowa ya usipa, asadzinamize kuti wachita mwayi. Wagula dzina lobedwa, ndipo fakitale yomwe yaba dzina siingachite manyazi kunama za chitsulo.

Izi sizitanthauza kuti mpeni wa ku China ndi woipa. Mzinda wa Yangjiang m'chigawo cha Guangdong umapanga mipeni ya magulu onse, kuyambira yotha sabata imodzi mpaka yomwe makampani a ku America ndi ku Ulaya amaikapo maina awo. Chosiyanitsa ndi chakuti wopanga wodzilemekeza amaika dzina lakelake ndi mtundu weniweni wa chitsulo. Mpeni wa dzina losadziwika wolembedwa 8Cr13MoV moona umaposa wa dzina lotchuka labodza.

Kugula pa foni kuli ndi vuto limodzi lalikulu: mayeso onse omwe atchulidwa pamwambawa amafuna manja. Amene alibe njira ina apemphe kanema wa mpeni womwewo womwe atumiziridwe, woonetsa loko ndi nsonga uli chotseka, ndipo asatumize ndalama yonse pa Airtel Money kapena pa Mpamba katundu asanafike. Wogula m'sitolo atenge lisiti. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi malamulo, koma wopanda lisiti amavutika poyambira dandaulo.

Masamu a chaka

Mitengo ya katundu wochokera kunja siikhazikika, makamaka kuchokera pomwe kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma kawerengedwe kake sikasintha. Mongoyerekeza, mpeni wa K6,000 wotha m'miyezi itatu umadya K24,000 pa chaka. Wa K18,000 wokhala zaka ziwiri umadya K9,000 pa chaka. Wotchipa uja ndiye wodula, ndipo apa sipadawerengedwe tsiku lomwe loko wake adzagonje. Bala lakuya pachala limamukhazika pansi msodzi kapena woluka mlaza kwa masabata, kuwonjezapo ulendo wa kuchipatala ndi jakisoni wa kafumbata.

Masamu omwewa ayenera kuikidwanso pa mipeni ina yomwe ikupikisana ndi karambit. Okapi, yomwe idayamba kupangidwa ku Germany mu 1902 ndipo kuyambira mu 1988 imapangidwa ku South Africa, ndi yodziwika kwa mabanja ambiri a ku Mangochi omwe abale awo amagwira ntchito ku Joni. Chitsulo chake chakale ndi cha kaboni: chimachita dzimbiri chikanyalanyazidwa, koma chimanoleka pamwala uliwonse, ndipo mpeni wake wowongoka umatha ntchito zambiri. Nayonso ili ndi yabodza yochuluka, kotero mayeso a loko ndi a chingwe ndi omwewo. Opinel ya ku France, yomwe idayamba mu 1890, ili ndi mtundu wokhota wodulira nthambi, womwe umagwira ntchito ya karambit popanda mphete. Ndipo pali wosula zitsulo wa m'mudzi, amene angasule kampeni kokhota kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto. Kameneko sikapinda, kotero kalibe loko woti agonje. Kamangofuna chikwama chachikopa. Kwa woluka mlaza amene amagwira ntchito atakhala pamalo amodzi, ameneyu ndiye mpikisano weniweni wa mpeni wa pa foni uja.

Wapolisi amaona chikhadabo

Pali mtengo wina womwe sulembedwa pa katundu. Mpeni wa nsomba uli m'dengu la nsomba sufunsidwa mafunso. Karambit ili m'thumba la mnyamata pa depoti usiku, kumalo omwera mowa kapena kubwalo la mpira imaoneka ngati chida chomenyera, chifukwa ndi momwe mafilimu adaidziwitsira. Malamulo a milandu a dziko lino amaletsa kuyenda ndi chida pagulu popanda chifukwa chovomerezeka m'njira yochititsa anthu mantha, ndipo chidacho chikhoza kulandidwa. Kuzunguza mpeni pachala pakati pa msika n'kudziitanira mlandu umenewu.

Oyenda maulendo a ku Joni adziwenso kuti lamulo la zida zoopsa la ku South Africa la mu 2013 limalola kumanga munthu wopezeka ndi chida m'njira yokayikitsa kuti akufuna kuchigwiritsa ntchito molakwika, ndipo chilango chimafika zaka zitatu m'ndende. Lamulolo limapatula wonyamula chida chifukwa cha ntchito yake, koma mlendo amene mapepala ake akufunsidwa kale safunika nkhani yowonjezera. Pandege, mpeni sulowa m'chikwama cha m'manja.

Amene akugula mpeniwu kuti adzitetezere aganize kawiri. Chida chomwe munthu sadaphunzire chimavulaza mwini wake kapena kusandutsa mkangano wa mawu kukhala maliro ndi ndende. Mpeni wa ntchito ukhale kuntchito: m'bokosi la zida, m'bwato, m'dengu.

Kwa a mahadiweya ndi a mabenchi

Wamalonda amene akuganiza zopikula mipeniyi ayambe ndi yochepa. Ndi katundu woyenda pang'onopang'ono, ndipo mpamba wogona pashelefu masiku ano umasungunuka. Atsegule bokosi lililonse kwa wopikulitsa n'kuyesa loko mmodzimmodzi, chifukwa m'katoni imodzi mumatuluka abwino ndi oipa. Mitundu iwiri yoyesedwa bwino imaposa mitundu khumi yowala.

Aganizirenso nyengo. Mu November ndi December, pomwe usodzi wa makoka umatsekedwa pa Nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane, asodzi amakhala pamtunda kukonza maukonde ndi mabwato. Mpeni umafunika, koma ndalama imakhala yochepa, kotero chomwe chimayenda ndi mpeni wolimba wa mtengo wapakati, tupa, sandipepa ndi ulusi. Phindu lokhalitsa lili pa zonolera: wogula karambit aliyense adzabweranso kudzafuna chonolera chozungulira, ndipo akachipeza pa benchi lomwelo ndiye kuti wakhala kasitomala.

Kugulitsa mpeni wotere kwa mwana wasukulu ndi phindu la tsiku limodzi lomwe lingathe kubweretsa makolo ndi apolisi pakhomo pa shopu. Ndipo wamalonda amene angauze mayi wa geni ya chambo kuti karambit si yake, n'kumupatsa mpeni wowongoka wa mtengo wotsikirapo, sadaluze. Padoko mbiri imayenda msanga kuposa boti.

Karambit yopinda yabwino ilipo, ndipo kwa wodula zingwe, ulusi ndi mlaza tsiku lonse ndi chida chomwe chingabweze ndalama yake. Imadziwika ndi loko wosasuntha pathabwa, chitsulo chodulabe pepala pambuyo pa chingwe, nsonga yobisika ndi mphete yomasuka pachala. Wopita kukagula anyamule kachingwe ndi pepala m'thumba limodzi ndi ndalama, ndipo ndalamayo ituluke pomalizira.